Maphunziro a ofuna kugula franchise ku Avenues: m'mawa tinapindula, masana tinagwiritsidwa mwala

Alamu anga atalandira ndalama zopumira pa ntchito, atagwira zaka 27 pa fakitale ina ku Workington mu mzinda wa Harare, muno m'Zimbabwe, anayamba kulankhula za franchise usana ndi usiku, mpaka mchemwali wanga anandipempha kuti ndiwaperekeze ku maphunziro a tsiku limodzi amene kampani ina ya alangizi a zamalonda imachititsa ku Avenues, dera lina la mzinda womwewu. Tinalipira madola 40 aliyense, kuphatikizapo chakudya chamasana ndi kabuku. Ndalemba izi chifukwa anzathu a ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, makamaka a m'mabungwe athu othandizana pamaliro, akhala akundifunsa ngati ndalama imeneyi siingolowa m'madzi.

Kwa amene sanamvepo, franchise ndi pangano loti munthu agule ufulu wochita malonda ndi dzina, maphikidwe ndi dongosolo la kampani ina, iye n'kuikapo mpamba wake ndi thukuta lake, kwinaku akulipira mwini dzinayo gawo la zimene wagulitsa mwezi ndi mwezi.

Ndinapita ndikuganiza kuti akatinyengerera kuti tigule kanthu, koma mlangizi wa m'mawa, mayi wachikulire amene anayendetsapo malo ogulitsira mafuta, anangotigawira timapepala kuti aliyense alembe chifukwa chimene akufunira bizinesi ya mtunduwu. Tinalipo anthu 19: opuma pa ntchito angapo, namwino wina amene anali atangobwera kumene kuchokera ku United Kingdom, mnyamata wogulitsa mafoni ku Gulf Complex, ndi banja lina limene linabwera ndi mwana wawo wophunzira zowerengera ndalama. Mayiyo atawerenga timapepalato mokweza, zinapezeka kuti ambiri analemba chinthu chimodzi, choti atopa kulamulidwa ndipo akufuna kudziimira paokha. Iwo sanatsutse, koma anatulutsa m'chikwama buku la malamulo a sitolo, lochindikala ngati Baibulo la paguwa, n'kulitsegula pa tsamba lonena za mphindi zimene nkhuku yokazinga iyenera kukhala pa moto, ndi nthawi imene iyenera kutayidwa ikapanda kugulidwa, ngakhale ikuonekabe bwino. Alamu anafunsa ngati angaloledwe kuikapo nsima ndi nkhwani wotendera Loweruka, ndipo anayankhidwa kuti popanda chilolezo cholembedwa cha mwini dzina sangasinthe ngakhale mtundu wa penti wa khoma. Apo anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Alamu, ndiye kuti ndikakhala kapitawo wa eni ake, komanso ndi ndalama zanga zomwe?"

Funso limenelo lokha linandikwanira pa madola 40 aja, chifukwa kunyumba palibe amene akanatha kuwauza zimenezi iwo n'kumva. Mayiyo anafotokoza kuti eni mayina safuna kwenikweni munthu wa nzeru zatsopano, koma womvera dongosolo, wokhala pasitolo yekha m'malo mosiyira mphwake, wodziwa kukhala ndi antchito achinyamata amene amabwera n'kuchoka, komanso wokhala ndi ndalama yapadera yolipirira lendi ndi malipiro miyezi yoyambirira phindu lisanaoneke. Anatsindika kuti amene mpamba wake wonse ndi ngongole amayamba kubera dongosolo msanga, monga kugwiritsa ntchito mafuta ophikira kupyola masiku ake, ndipo woyendera masitolo akamugwira pangano likhoza kutha.

Pali chifukwa china chimene sichinalembedwe pa timapepala tija, ndipo mlangiziyo sakanachidziwa, koma ife a Chichewa tinachikambirana pa nthawi ya tiyi. Makolo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena ku Tete ndi ku Chipata, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ndipo ambiri mwa ana awo ankatengedwa ngati alendo mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 atavomereza unzika wa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Mnzathu wa Chishona akapuma pa ntchito ali ndi kumudzi kopita, pamene ife tilibe munda woti tikasiyire ana. Kuonjezera apo, aliyense wa msinkhu wa alamu akukumbukira mmene ndalama za penshoni zinasungunukira mu 2008. Choncho chimene ankafuna kugula sichinali ufulu ayi, koma chinthu chokhala ndi dzina lodziwika chimene sichingasungunuke usiku umodzi, ndipo ndikuona kuti munthu wotere angapirire malamulo a m'buku lija kuposa wothawa bwana.

Gawo la masana, lokhudza ndalama, ndilo linandikhumudwitsa. Mnyamata amene anaphunzitsa anabwera ndi zitsanzo za ku South Africa, zonse zowerengedwa m'ma rand, ngati kuti sitikukhala m'dziko limene dola ya America ikuyendera limodzi ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu April 2024. Sananenepo za msonkho wodulidwa potumiza ndalama pa foni kapena ku banki, za mtengo wa dizilo ya jenereta magetsi akazima, kapena za malayisensi a khonsolo ya mzinda. Namwino uja ndiye anachita kumukumbutsa kuti gawo la mwini dzina limachotsedwa pa zonse zogulitsidwa osati pa phindu, kotero kuti limalipidwa ngakhale mwezi umene sitolo yaluza. Atafunsidwa za mayina amene anthu amalota, sanasiyanitse mwini dzina ndi wogula dzina, pamene chitsanzo chili pakhomo pomwe: kampani ya malo odyera ya Simbisa Brands, imene inapatuka ku kampani ya Innscor mu 2015, ndi mwini wa Chicken Inn, imene inatsegulidwa koyamba mu 1987 mu Speke Avenue, komanso iyo yomweyo imayendetsa Nando's ndi Steers muno pa chilolezo cha eni ake a kunja. Masitolo ambiri a mayina amenewa amene timawaona m'tauni amayendetsedwa ndi kampaniyo, ndipo munthu wobwera ndi penshoni yake ayenera kudziwa zimenezi asanayambe kusankha malo. Chakudya chinafika mochedwa ndi ola lathunthu, ndipo manambala a m'kabuku anali osaoneka bwino.

Amene akufuna kudziyesa ngati ali woyenera apite, koma mawerengero akawapange ndi wodziwa za ndalama wa muno. Alamu sanasayine pangano lililonse. Apempha mayi aja kuti awalumikize ndi anthu awiri amene akuyendetsa kale masitolo otere, mmodzi wochita bwino ndi wina wovutika, ndipo Lachiwiri likudzali akakhala tsiku lonse kuseri kwa kauntala ya woyambayo, kuyambira 6 koloko m'mawa.