Filamenti ya PEEK ya 1.75 mm: ndi yolimba, koma si ya pulinta iliyonse

PEEK ndi pulasitiki yomwe kampani ya ICI ya ku Britain inapanga koyamba mu 1978. Imasungunuka pa madigiri 343 a Celsius, ndipo imagwira ntchito nthawi yaitali pa madigiri pafupifupi 250 osafooka. Mafuta, petulo ndi nthunzi yotentha siziiwononga. Asidi wa sulfuric wamphamvu ndiye amaisungunula. Filamenti yake, ulusi wa pulasitiki wonenepa 1.75 mm umene pulinta ya 3D imasungunula posindikiza zinthu, ili ndi mphamvu zonsezi, koma zimaoneka pokhapokha pulinta ya 3D ikakhala yotentha mokwanira.

Nozzle, kamlomo kotulukira pulasitiki yosungunuka, ifike madigiri 390 mpaka 420, mbale yosindikizirapo 130 mpaka 150, ndipo mkati mwa bokosi la pulinta musachepere 90. Mutu wotenthetsera ukhale wachitsulo wonse. Ngati m'mutumo muli kapaipi ka pulasitiki ya PTFE (Teflon) musayese n'komwe, chifukwa kakapitirira madigiri 260 kamawonongeka n'kutulutsa utsi wapoizoni. Filamentiyo iumitseni kaye mu uvuni pa madigiri 150 kwa maola atatu kapena anayi. Yachinyezi imathetheka potuluka, n'kusiya timabowo m'kati mwa chinthucho.

Chimene ife timachikonda pa PEEK n'chakuti imadziulula yokha ndi mtundu. Ikazizira msanga, mamolekyu ake sapeza mpata woyalana bwino, ndiye chinthucho chimatuluka chabulauni wakuda, choonekera pang'ono, ndipo chimafewa chikangofika madigiri 143. Ikazizira pang'onopang'ono imatuluka yotuwira. Imeneyo ndiye PEEK yeniyeni. Mizere yakuda ndi yotuwa yosinthanasinthana ikusonyeza kuti bokosi likuzizira kapena fani ikuuzira. Zimitsani faniyo. Chotuluka chakuda mutha kuchikonza pochiotchanso mu uvuni: kwezani kutentha pang'onopang'ono kufika 200, chikhale maola awiri, kenako chizizire momwemo osatsegula. Chimafota pang'ono, choncho yambani ndi kachidutswa koyesera, mukapime ndi kalipa (chida choyezera kukula kwa chinthu) musanaotche ndiponso mutaotcha.

Zovuta zake sizibisika. Makona amanyamuka pa mbale, makamaka pa zinthu zazikulu zafulati, ndipo polumikizana magawo amene pulinta imasanjikiza ndi pofooka kuposa m'litali mwa mzere. Mtengo wake umaposa kangapo konse wa PLA, filamenti wamba yosindikizira.

Igwiritseni ntchito pa magiya aang'ono, ma bush (timphete tozunguliramo shafuti) ndi zotchingira magetsi zokhala pamalo otentha. Ngati vuto lanu ndi kutentha kokha osati mankhwala, pulasitiki ina yotchedwa PEI, imene imayamba kufewa pa madigiri 217, siivuta chotere posindikiza.