Ka straightener ka paulendo ndi kadilaya kopinda kaja, patha miyezi khumi: kamodzi kakadali moyo, kena tinaika kale maliro

Amene mumandidziwa mukukumbuka kuti Novembala wathayu ndinagula tizipangizo tiwiri ta tsitsi ta paulendo, ka straightener kowongolera tsitsi kotalika ngati chikhatho changachi ndi kadilaya koumitsira tsitsi kopinda chogwirira, tonse pa shopu ina kuno ku Randburg, ndipo ndinatitama heve ngati ndikulandirapo komishoni kkkk. Nde asisi ena kutchalitchi akhala akundifunsa kuti achemwali tinthu tanu tija tikadalipo, tigule kapena tisagule? Ndati ndiyankhe kamodzi basi, poti tayenda maulendo atatu tsopano, awiri ndi ine, umodzi ndi msuweni wanga.

Ka straightener kalipo, kakalamba koma kakugwira. Kadilaya kanapsa ine ndikuona ndi maso angawa, ndipo mlandu wake ndi wanga ndemwe, ndifika pamenepo.

Chimene ndinagulira mukuchidziwa kale nonse a ku Joni, popita kumudzi chikwama si chako. Mafuta ophikira a mayi, bulangete la agogo, nsapato za ana a achimwene, foni ya uje amene simunalankhulanepo chaka chonse koma wamva kuti ukubwera, ndiye pa Park Station akakaika pa sikelo kilo iliyonse yopyola ndi ma rand. Dilaya yanga yaikulu ya 2000W ija ndi chipeso chake imadya malo a nsapato ziwiri za ana, nde ndinati ayi, ndipeze tating'ono.

Ulendo woyamba unali wa Disembala pa basi. Beitbridge usiku, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza mpaka pa Wenela. Panjira musadzinamize kuti mudzakonza tsitsi, tsiku ndi theka muli pa mpando, pa boda mwaima pa mzere, ku Tete kutentha kuja ngati mwalowa mu uvuni. Duku basi, ndi ka sitoking'i mkati.

Vuto linayamba nditafika kwa achimwene ku Chilobwe. Magetsi a kuno ndi a kwathu mphamvu yake ndi imodzi, 230V, pamenepo palibe choopa, koma masoketi ndi osiyana. Kuno tili ndi pulagi ya mano atatu akuluakulu obulungira ija ndi tija ta mano awiri, kwathu ndi ya mano atatu amakona ngati ya ku UK. Ine zaka zonsezi ndikudziwa zimenezi koma adaputa ndinaisiya pa bedi ku Randburg, eti. Achimwene anangoti mlongo usadandaule, anatenga kiyi wa pachitseko nkutosa kabowo kapamwamba kuti timabowo tapansi titseguke, nkukankhiramo timano tiwiri tija. Kamalowa inde, ndipo ndikudziwa theka la Malawi limatchaja mafoni choncho, koma kamakhala kogwedera, ndikangokoka chingwe pang'ono kumangoti thethethe ku soketi. Ndi foni mwina mungapirire, koma chinthu choti mwachigwira m'manja pafupi ndi khutu, tsitsi lili lonyowa, ayi ndithu ine ndinakana. M'mawa mwake ndinakagula adaputa ku Limbe.

Pa adaputa pomwepo ndinaphunzirapo china. Adaputa sisintha mphamvu ya magetsi, imangosintha mano basi, ndipo totchipa tija sitinapangidwire zinthu zodya magetsi ambiri. Kadilaya kanga kanalembedwa 1200W, ndiye kuti kamakoka ma amp opitirira 5, pamene ka straightener ndi 40W yokha, ngati babu lakalekale lija. Ndi straightener adaputa inali zii, kuzizira. Ndi kadilaya mphindi khumi zokha ndinayamba kumva fungo la pulasitiki, kugwira adaputa yatentha ngati mbatata yochokera pa moto. Kuyambira pamenepo ndinkaumitsa pang'ono nkuzimitsa, pang'ono nkuzimitsa, tsitsi langa la chilengedweli ndi lambiri komanso lolimba, nde tangoganizani, ola lathunthu mkono kuwawa koma kumizu kukadali chinyontho. Mphepo yake ndi yofooka, ndipo kukamwa kwake sikulowa chipeso chija timaika pa dilaya yaikulu, chimene kwa ife a tsitsi lathuli ndiye ntchito yeniyeni ya dilaya.

Kumudzi ku Thyolo nde kunali sewero. Mayi ali ndi ka sola ndi inveta ya 300W, yokwana ma babu, TV ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse. Ine osaganiza ndalumikiza kadilaya, inveta inangolira kuti tiiiii zonse nkuzima, amalume ali pakati poonera mpira. Anangotembenuka nkundiyang'ana, "a ku Joni, mwatibweretsera chani kodi?" Manyazi ake abale. Koma ka straightener kanagwira bwinobwino pa inveta yomweyo TV ili chiyakire, ndipo apa mpamene ndinayamba kukakonda zenizeni. Agogo anakhala pa mkeka kundionerera ndikuwongola tsitsi la kutsogolo, akuti ife kale tinkaika chipeso cha chitsulo pa mbaula, kupaka Vaseline, ukagwedezeka khutu lapsa, inu ana a lero mukuvutika ndi mawaya chifukwa chani makala alipo. Ndinalibe choyankha chifukwa khutu ndinali nditaliwotcha kale dzulo lake ndi cha magetsi chomwecho.

Ulendo wachiwiri unali wa Epulo, ukwati wa mng'ono wanga ku Lilongwe, apa ndinakwera ndege poti masiku ondipatsa kuntchito anali anayi okha. OR Tambo mpaka Kamuzu International Airport ndi maola awiri ndi kanthu, koma chikwama chachikulu chonse chinadzaza ndi za mkwatibwi, ine ndinatsala ndi ka m'manja ka 7kg. Ndinaika tonse tiwiri pa sikelo ya kukhitchini, kadilaya 420g, ka straightener 210g. Sizambiri mukamva choncho, koma mukaika nsapato za ukwati, diresi, zodzola ndi tchaja, ka 420g kaja kamasanduka nkhani. Kadilaya ndinakasiya. Ndinachapa ndi kuumitsa tsitsi kuno usiku wake ndi dilaya yaikulu, mafuta oteteza tsitsi ku moto ndinathira mu kabotolo ka 100ml poti m'chikwama cha m'manja botolo lalikulu la zamadzimadzi salola pa maulendo otuluka dziko, ndipo sindinakasowe kadilayako ngakhale tsiku limodzi. Ku Lilongwe saluni ili pa kona iliyonse, ku Area 25 komwe tinali mungowoloka msewu.

M'mawa wa ukwati ka straightener kanagwira ntchito ngati kabwera ndi kontirakiti. Atsikana operekeza asanu, aliyense achemwali tabwerekeni ndikonze kutsogoloku, achemwali ka leave out kanga, katsitsi kanga kosiyidwa kunja kwa wivi aka, katukumuka. Kamatentha msanga, mphindi imodzi kakonzeka, ndipo poti ndi kopyapyala kamafika m'mbali mwenimweni momwe chachikulu sichifika. Koma pali chinthu chimene sindinakuuzeni Novembala uja chifukwa nanenso sindinachione ngati vuto: kalibe posinthira kutentha. Batani ndi limodzi, kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo pa bokosi analemba 200°C. Mtsikana wina, mnzake wa mkwatibwi, anali ndi wigi yomwe anamuuza pogula kuti ndi human hair. Anangopanikiza kamodzi, kunamveka kuti tsss, fungo ngati wina akuwotcha jumbo, tsitsi lija linakwinyika nkumatirira pa mbale za straightener ngati chingamu. Mtsikana misozi mbwee, galimoto ikuliza hutala panja. Tinamudula mbali yopsayo nkuphimba ndi duwa, pa zithunzi simungadziwe, koma ine ndinakhala theka la ola madzulo ake ndikupala pulasitiki ija ndi ka thabwa kakazizira, ndipo kukanda komwe kuli m'mphepete mwa mbale imodzi kunayambira pamenepo. Pano kamakoka tsitsi limodzilimodzi pa malo amenewo.

Titatha ukwati tinapita ku Senga Bay tsiku limodzi. Tsitsi lomwe kuno ku Joni, ndi mphepo youma ya pamtunda pano, limakhala lowongoka sabata yathunthu, kunyanja linabwerera kwawo tisanadye nkomwe chambo cha masana. Ndinayesa kuwongolanso madzulo, m'mawa chimodzimodzi, ndipo kubwerezabwereza kumeneko pa 200°C nkomwe kunandithera tsitsi la kutsogolo, linasiya kupotana lili lonyowa, lingoti tayale ngati ulusi. Mu Juni ndinadula ka gawo ndithu. Apo sindinganamizire chipangizo, chinyontho cha kunyanja simungalimbane nacho, ndikanangomanga duku.

Tsopano maliro a kadilaya. Msuweni wanga amapita kukaona mwana wake ku South Bend, Indiana, komwe kuli a Malawi ambiri ndithu, nde anabwereka tonse tiwiri. Ku America magetsi ndi 120V, pulagi ya timano tiwiri taphanthiphanthi. Ka straightener kanalembedwa 100-240V pa chogwirira, kamadzisinthira kokha, iye anangogula adaputa ndipo akuti kanagwira ngati kali kwawo. Kadilaya nako ndi ka ma voteji awiri koma sikadzisinthira, kali ndi ka sikuluwu pa chogwirira kolembedwa 125 mbali ina 250 mbali ina, umapotokola ndi kandalama kachitsulo. Msuweni anapotokolera pa 125, anachita bwino, mmene zimafunikira kumeneko. Atabwera anandibwezera mu jumbo ndi chokoleti pamwamba, zikomo zambiri asuweni, ine nkuponya mu kabati osayang'ana.

Lamulungu lina mu Ogasiti, kukuzizira kuja kwa kuno, ndachedwa kutchalitchi, dilaya yaikulu ndabwereketsa kwa neba, ndinati kadilaya kaja kandithandize. Kungoyatsa kanalira ngati ndege ikunyamuka, mkati monse kufiira kuti psuu, ndisanaganize nkomwe zozimitsa kunamveka phu, utsi, magetsi a ka kotteji konse nkuthima mpaka ku main switch. Masekondi osakwana asanu. Ndinaima pakati pa chipinda tsitsi likudontha madzi, mtima uli phaphapha, nkuona ka sikuluwu kaja kakuloza pa 125 kakundiyang'ana. Kutchalitchi ndinapita ndi duku. Ndiye ngati muli ndi ka mtundu umenewu, mukangotsika ndege kuchokera ku America kapena Canada potokolerani sikuluwu ija pa 250 musanatulutse nkomwe zovala m'chikwama, ndipo wina akakubwezerani yang'anani nokha.

Ka straightener mmene kalili lero: kupatula kukanda kuja, chingwe pomwe chimazungulira chayamba kugwedera, ka getsi kofiira kamaphethira ndikapinda dzanja, ndikuona kuti sikafika Isitala wina. Sikazima kokha mukakaiwala, nsalu ya pa tebulo ya mayi ili ndi chipsera cha mizere iwiri mpaka lero ndipo amandikumbutsa pa foni. Kachikwama kake kosapsa kaja nde kabwino, mutha kulongedza kakadali kofunda. Mutu wonse musayese, ndinayesapo kamodzi maola awiri ndi theka, ndi ka m'mbali, kutsogolo ndi wigi ya tsitsi lenileni basi.

Ena mwandifunsa za topanda chingwe, totchaja ngati foni. Mu 2023 load shedding itafika pa stage 6 ndinkatisirira kwambiri, koma pa ndege tili ndi malamulo ake chifukwa cha batire la lithium, timayenera kukhala m'chikwama cha m'manja osati chopita pansi, ndipo pena amafuna kuti batire likhale lochotseka kapena lodulidwa kuti kasayake kokha. Ta gasi tija amalola kamodzi pa munthu, chivindikiro chili pomwepo, koma gasi wapadera wowonjezera ayi. Ine zokangana ndi achitetezo pa eyapoti ndilibe nazo mphamvu, nditsala ndi cha chingwe.

Disembala ikubwerayi ndikaluka tsitsi ku Yeoville sabata yonyamuka, ma duku atatu, adaputa ndaimangirira kale ku chingwe cha straightener ndi labala kuti tisasiyanenso. Kadilaya kena sindigula. Ndikadzagula straightener ina idzakhala yokhala ndi posinthira kutentha ngakhale ikwere mtengo, ndipo kakaleka mwana wa achimwene wa Fomu 3 uja anakalembetsa kale, akuti aunt mukadzabwera musabwerere nako.