Ndale za mu babashopu sizilipira lendi ku Joni

Amene munametetsapo tsitsi ku Kapata ku Chipata, kuseri kwa msika, mwandidziwa kale ngakhale sinditchula dzina. Ndine uja ndinkasiya mutu wa munthu uli theka kuti ndimalize kaye mkangano wa ndale. Kababashopu kanga kanali palamenti ya anthu opanda ntchito. Chisankho cha mu Ogasiti 2021 tinachiweruza ife mavoti asanawerengedwe. Pamene CDF, ndalama ya chitukuko ya dera la phungu aliyense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, tinakangana sabata yathunthu ngati kuti ndalamazo adzatigawira pamanja. Ndinkakonda zimenezo, ndipo mpaka pano ndimazisowa.

Kenako chinafika chilala cha 2024. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti n'kumabwera pakati pa usiku anthu atagona. Makina ometera anangokhala pa shelefu. Palamenti yathu inagwirizana kwa nthawi yoyamba, a chipani cholamula ndi otsutsa omwe, kuti kuno kulibe za mwamuna, amuna ali ku Joni. Umboni wake unali m'foni: mnyamata wina wa kwathu akuvina amapiano pa TikTok atatsamira galimoto yoyera mbee. Galimotoyo ndinadzaiona ndi maso anga. Mnyamatayo amaitsuka Loweruka lililonse, mwiniwake akalowa m'sitolo ndiye amajambula.

Ejenti ndinamupeza pa Facebook. Chinyanja chake chinali chathu chenicheni, ankanditchula kuti mlamu. Anati salon ina ikufuna wometa waluso, malipiro R6,500 pamwezi, chipinda chaulere miyezi itatu, ndipo mapepala ogwirira ntchito akonza yekha ndikafika. Anafuna K4,500. Ndinagulitsa makina awiri ndi galasi lalikulu lija, zotsala ndinatenga kaloba K3,000 pa chiwongoladzanja chimene ndikuchita manyazi kuchilemba apa. Amalume anga a ku Mtenguleni anandifunsa funso limodzi lokha: "Mphwanga, munthu ameneyu ukudziwa kwawo?" Ndinawayankha kuti masiku ano zinthu zimayenda pa intaneti. Iwo anangoti chabwino, n'kupitiriza kusenda nzimbe yawo.

Msewu wa ku Lusaka mukuudziwa, Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, palibe chofotokoza. Zosadziwika zinayamba titakwera basi yachiwiri. Tikiti ndinali nditalipira, koma chikwama changa chimodzi chinasanduka "katundu wamalonda" chifukwa munali nyemba ndi nsinjiro zimene mayi anandilongedzera, K350 popanda lisiti. Tisanafike pa Chirundu, mnyamata wa m'basimo anayenda mpando ndi mpando kutolera ndalama, akuti za kufulumizitsa pa boda. Tisanafike pa Beitbridge anabweranso, tsopano R400 munthu aliyense, akuti wosapereka adindiridwa masiku ochepa. Ndinapereka. Mayi wina amene tinakhala naye mpando umodzi anakana, nayang'ana pawindo. Pa kauntala tinaima mzere umodzi, pasipoti yake ndi yanga zinadindidwa chimodzimodzi. R400 ija inathera m'thumba la mnyamatayo. Werengani nokha anthu a m'basi yodzaza.

Pa Park Station, siteshoni ya mabasi ku Joni, ndinafika m'mawa. Foni ya mlamu wanga uja inaitana kawiri, kachitatu inazima, ndipo mpaka lero sinayakenso. Tsamba lake pa Facebook linasowa sabata yomweyo. Salon imene ananditumizira chithunzi chake ilipodi, ndinapitako patapita masiku, koma eni ake sanamumvepo n'komwe.

Amene anandinyamula pamenepo ndi mayi wa pawindo uja. Ndi wa ku Katete, ntchito yake ndi yonyamulira anthu katundu pakati pa Joni ndi kwathu, mabulangete, mapoto, timaphukusi ta ana. Ataona kuti dzuwa lakwera ndikadali pa benchi, anabwera n'kunena kuti, "Mwanawe, wadyedwa. Usalire pano, akuona." Ananditengera ku Rosettenville kwa anyamata ena a ku Petauke, n'kundiuza zimene ejenti sanandiuze. Chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito. Masiku amene akulembera m'pasipoti akatha iwe ukadali muno, potuluka amakulemba kuti ndiwe wosafunika m'dziko: ukapitirira masiku osaposa 30 ndi chaka chimodzi osalowanso, ukaposa pamenepo ndi zaka zisanu. Lamulo limeneli lilipo kuyambira 2014, koma m'palamenti yathu ya ku Kapata, momwe tinkadziwa nduna iliyonse ndi dzina la mkazi wake, palibe amene ankalidziwa.

Mayiyu mitengo yake amanena poyera katundu asanamangidwe, ndipo sasintha panjira. Ulendo wina ndinamupatsa phukusi la mayi anga ndi R500 yolipirira. Atabwerako anandibwezera R120, akuti phukusilo linapepuka kuposa mmene tinkaganizira. Ndinaiyang'ana ndalamayo nthawi yaitali. Musandifunse nambala yake ku inbox, sindipereka, chifukwa ndikudziwa kuti mudzamuvutitsa kuti akupezereni ntchito, ndipo iye sagulitsa ntchito.

Tsopano masamu, inu okonda kuwerengera boma ndalama. Ndimameta mu salon ya munthu wina, mutu umodzi R50, theka n'la mwini mpando. Tsiku labwino ndi mitu khumi, Lolemba mwina itatu. Chipinda timalipira R2,400 anthu atatu, chotchinga chake ndi nsalu. Magetsi ndi ogula padera, ndipo June wa kuno si wa ku Chipata, kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Malipiro otsikitsitsa a lamulo kuno anafika pa R28.79 pa ola mu Marichi 2025. Nambalayi ndi yoona, koma wopanda mapepala akadandaule kwa yani? Mnzanga wa m'chipinda anagwira ntchito ya zomangamanga milungu itatu, tsiku lolandira bwana anangomufunsa kuti pemiti yake ili kuti. Nkhani inathera pomwepo.

Potumiza ndalama ndi pamene ndinapsa kachiwiri. Malo ena analemba pakhomo kuti kutumiza n'kwaulere. Ndinapereka R1,000 ndili wokondwa. Mayi anga atakatenga ku Chipata, zinapereweza pafupifupi K130 pa zimene ndinawerengera. Chindapusa anachibisa mu mtengo wosinthira, ndipo wa pa buthu kwathu anadulanso yake yotulutsira. Musamafunse kuti kutumiza ndi zingati. Funsani kuti amayi alandira makwacha angati m'manja, ndipo akulembereni musanapereke.

Pali china chimene chimandiseketsa ndekha. Pamene ndinkachoka, randi imodzi inkagula pafupifupi K1.50. Mu 2025 kwacha inalimba, ndipo pa gulu lathu la WhatsApp a chipani cholamula anaimba nthungululu, otsutsa n'kumati nanga bwanji ufa sukutsika mofanana. Ine ndinali chete. Kwacha ikalimba, R1,000 yanga imafika kunyumba itaonda, pamene kaloba ija ili m'makwacha ndipo sionda. Zaka zonse zija ndinkakuwa kuti kwacha ilimbe. Yalimba ine ndili mbali yolakwika ya boda.

A Lungu, pulezidenti wathu wakale, atamwalira ku Pretoria pa 5 June 2025, foni yanga sinapume. "Akulu, muli pafupi, zikuyenda bwanji kumeneko? Maliro aikidwa kuti?" Abale anga, ine nkhani ya kukhoti ija, ya boma ndi banja kulimbirana kumene maliro aikidwe, ndinkaiwerenga pa Facebook ngati inu nomwe, mwina mochedwa kuposa inu, chifukwa bando ya intaneti ya kuno ndimaigula mowerengera. Pretoria ndi pafupi, inde, koma tsiku losameta ndi tsiku losadya. Maganizo anga pa nkhaniyo ndili nawo, ndipo ndikanakhala ku Kapata mukanawamva mpaka ku Mchini. Kuno ndinaphunzira kutseka pakamwa. Kasitomala akayamba kunena kuti alendo ndi amene atha ntchito m'dziko muno, iwe uli ndi makina pamutu pake, umangoti "yebo" n'kumuwongolera mzere bwinobwino. Mukukumbuka Seputembala 2019, pamene masitolo a alendo anaphwanyidwa ku Johannesburg, Zambia n'kukana kusewera mpira ndi Bafana Bafana ku Lusaka? Tsiku limenelo tinaombera m'manja mu babashopu, ine ndinalankhula kwambiri kuposa onse. Anyamata a ku Petauke amene ndimakhala nawo sabata imeneyo anagona ndi nsapato kumapazi.

Sindikuti kuno n'kumoto. Ali ndi mapepala ndi luso lenileni akumanga nyumba kwawo, ndawaona. Amalawi ndi ife timathandizana pa maliro ndi pa chilimba, ndipo ukamva munthu akulankhula Chichewa mu takisi mtima umatsika. Koma inu anyamata amene mukufuna kugulitsa njinga yanu yonyamulira anthu chifukwa cha vidiyo ya masekondi makumi atatu, khalani pansi. Njingayo ndi yanu, madzulo mumagona kwanu, wapolisi akadutsa simubisala kuseri kwa chitseko. Munthu amene akufuna ndalama ntchito musanaione ndi wakuba, ngakhale akutchuleni mlamu. Amene akuti mapepala tikonza mukafika akunama. Ngati mtima wakanika ndithu, nyamulani ndalama yobwererera, muisokere m'kabudula wamkati, ndipo musaikhudze ngakhale njala ikule bwanji. Ine ndinalibe.

Kaloba yatsala K1,900. Amalume, ndikudziwa kuti ana akuwerengerani izi. Nc'wala ya chaka chino sindiionanso, koma bulangete lanu ndapereka kale kwa mayi wa ku Katete, lifika kumapeto kwa mwezi. Ndipo amene anagula galasi langa lalikulu lija asaligulitse kwa wina, ndikulifuna.