Ma newt ndi nsomba mu thanki imodzi, mmene zayendera mpaka pano

Kwatsala pang'ono kuti chaka chikwane chiyambireni kusunga ma newt ndi nsomba mu thanki imodzi, nde ngati mukufuna yankho lachangu ndi ili: zimatheka ndithu, palibe newt kapena nsomba yomwe yafa, koma amene akupindula ndi ineyo woonerera, ma newt alibe nazo ntchito nsombazo ndipo masiku ena zimangowasowetsa mtendere.

Anga ndi ma Chinese fire belly atatu, aja akuda pamsana koma pamimba pofiira pa timadontho takuda. Alendo akabwera amati ndi abuluzi koma ayi ndi achibale a achule, kwathu ku Malawi kulibe, olo mutasaka phiri lonse la Mulanje simungawapeze. Amachokera ku China ndipo sakula kwenikweni, akafika masentimita 10 nde chimphona chimenecho. Nsomba ndinaika ma White Cloud Mountain minnow, tating'ono ngati matemba, natonso ndi ta ku China konko, dzinalo ndi la phiri lina la ku Guangzhou. Thanki ndi ya malita 90, hita mulibe, fyuluta ndinaichepetsa mphamvu dala poti ma newt sagwirizana ndi madzi othamanga.

Nkhani yoyamba ndi kuzizira kwa madzi. Ma newt amafuna madzi a pakati pa madigiri 14 ndi 20, nde nsomba zambiri za mu shopu zimagwera pomwepo chifukwa ndi za madzi ofunda. Mnzanga wina wa ku Nkhata Bay amalimbikira kuti aise ikamo mbuna tizikumbukira kumudzi, koma mbuna zimafuna madigiri 24 kupita m'mwamba komanso ndewu yake mukuidziwa, ka newt kangatsale kopanda mchira tsiku lomwelo. Timinnow timapirira kuzizira, nchifukwa chake anthu ambiri amasankha timeneti. Vuto linabwera nthawi yotentha, nyumba za kuno ku UK zimasunga kutentha moti madzi anakwera kudutsa 23, nsomba zili pa chisangalalo kuthamangitsana, ma newt atatu onse atakwera pa chikuni kukana kutsika komanso kukana kudya. Ndinkaika mabotolo a madzi oundana ndi kafani pamwamba mpaka kunja kutazizira.

Koma pomwe pagona nkhani penipeni ndi pa chakudya. Anthu amaopa kuti newt adya nsomba kapena nsomba ziluma newt, izo kwa ine sizinachitike, chimene chimachitika tsiku ndi tsiku ndi kuberana. Newt amadya mochedwa zomvetsa chisoni. Ukaponya ma bloodworm, timphutsi tofiira todyetsera nsomba, iye amayamba wanunkhiza kaye, kuyenda pansi pang'onopang'ono, kuima, kuyang'anitsitsa, kenako akati atole amaphonya nkugwira mwala kapena mwendo wa mnzake, pamene akuchita zonsezo timinnow tadya kalekale tikudikira zina. Mmodzi wamng'onoyo anayamba kuonda mpaka mafupa a m'chiuno kumaonekera, pomwe nsomba mimba zili tantha. Pano ndimayamba kudyetsa nsomba kumbali ina ya thanki, kenako newt aliyense ndimampatsa yekha ndi kopanira kaja kataliatali, nyongolotsi zodulidula ndi zomwe zinamubwezeretsa thupi komanso ndi zazikulu moti nsomba sizingameze. Zimadya nthawi, ndipo ukachokapo nkusiyira wina kuti azidyetsa uyenera kumulongosolera bwinobwino apo ayi amangowaza chakudya pamwamba nkumati wadyetsa.

Ma cherry shrimp, tizilombo tofiira ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu, ndinaikamo gulu, amachepa okha pang'onopang'ono, akuluakulu ochenjera ndi omwe atsala mu zomera. Amenewo muziwawerengera ngati ndiwo basi. Nkhono zilibe vuto. Ma corydoras ndi ma pleco, nsomba zokhala pansi pa thanki, ndinawakana kuyambira pachiyambi, corydoras ali ndi minga mu zipsepse yoti itha kumutsamwitsa newt akayesa kumeza, pleco naye amafuna madzi ofunda ndipo amatha kukanirira pa khungu la nyama zochedwa kuyenda. Amene muli ndi Spanish ribbed newt musayerekeze nkomwe, ameneyo amatha kufika masentimita 30 ndipo chilichonse chokwana mkamwa mwake ndi chakudya.

China chomwe a mu shopu sanena ndi cha mankhwala. Nsomba zikadwala simungangothira mankhwala mu thankimo, ambiri ali ndi chitsulo cha kopa ndipo khungu la newt limamwa chilichonse chili m'madzi, mchere nawonso ayi. Nde mukufunikabe kathanki kena kapadera kodikirira odwala, apa ndi pomwe ndinaona kuti zoti thanki imodzi ikupulumutsa malo ndi ndalama ndi zongodzinamiza. Khungu lomwelo limatulutsa kapoizoni, nsomba zanga sizinaonetse vuto poti madzi ndimasintha sabata iliyonse, koma m'manja muzisamba mukawagwira musanakhudze m'maso. Chivundikiro chikhale chothina, ma newt amakwera galasi ngati masewera makamaka m'makona.

Wamkazi anaikira mazira, zinali zokongola kuona akupinda tsamba ndi miyendo yakumbuyo nkubisamo dzira limodzi, kupita pa tsamba lina kuchitanso chimodzimodzi. Tiana sindinaone olo kamodzi kakukula, mu thanki ya zamoyo zambiri chonchi timadyedwa tikangoswa, kaya ndi nsomba kaya ndi makolo omwe.

Kwa amene muli ku Ulaya kuno, mukatopa nawo ma newt chonde osakawataya mu dziwe kapena kukhuthula madzi awo ku gadeni. Kuli matenda a Bsal omwe anadziwika mu 2013 atapulula ma fire salamander, achibale a ma newt, ku Netherlands, akuti anabwera ndi ziweto zochokera ku Asia ngati zomwezi, mpaka America inaletsa kulowetsa mitundu 201 ya ma newt ndi ma salamander mu 2016. Ku Britain kumasula nyama yachilendo kutchire ndi mlandu pansi pa Wildlife and Countryside Act ya 1981.

Timinnow ndikutisamutsira mu thanki yawoyawo isanafike nyengo yoikira mazira, ndikufuna ulendo uno ndione tiana tikukula. Nkhono ndi ma shrimp otsalawo akhala momwemo.