Makompyuta a galimoto akasiya kumvana: sikana, multimeter kapena oscilloscope?

Khodi ya vuto la galimoto yoyamba ndi chilembo U yaluzitsa anthu ndalama zambiri. Munthu walumikiza kachipangizo kake kowerengera makhodi, kamuuza kuti U0100, tsiku lomwelo wayamba kufunsa mtengo wa kompyuta ya injini. Chonsecho khodiyo sinanene kuti kompyutayo yafa. Yangonena kuti inzake, mwina ya giyabokosi kapena ya mabuleki a ABS, inadikira uthenga wochokera ku injini koma sunafike. Imene yasunga khodi ndi yodandaula chabe, ndipo yotchulidwayo mwina ndi yabwinobwino. U0101 imatchula ya giyabokosi, U0121 ya ABS, U0140 ya bodi, U0155 ya dashibodi.

Makompyutawa amalankhulana pa mawaya awiri opotana, CAN High ndi CAN Low, njira imene Bosch inatulutsa mu 1986. Kumapeto onse awiri kuli resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, ya ma ohm 120. Kompyuta ikakhala chete, ndiye kuti ilibe magetsi, kapena ethi yake (waya wake wa negetivu) yaola, kapena mawaya awiriwo aduka kaya ashota, kapena iyoyo yapsa. Chomalizachi ine ndimakumana nacho mwa apo ndi apo. Ndiye funso ndi lakuti chida chiti chimasiyanitsa zinayizi.

Ka ELM327, kaadaputa kowerengera makhodi kolumikiza ku foni, ndisakataire nthawi. Ndi pulogalamu wamba ngati Torque kamangomva kompyuta ya injini, nthawi zina ndi ya giyabokosi, ndiye mlandu mumaumva mbali imodzi. Netiweki yonse ikagwa kamangoti sikakulumikizana, ndipo simudziwa ngati vuto ndi galimoto kapena kachipangizoko, poti tambiri pamsika ndi tokopera. Pa Ford ndi Mazda, pulogalamu ya FORScan imafika m'makompyuta ena, makamaka adaputa yanu ikamatha kulowa mu netiweki yachiwiri ya pa pini 3 ndi 11 za soketi ya OBD2, pomwe mumalumikiza sikana.

Sikana yofika m'makompyuta onse, kaya Autel, Launch, kapena yamtundu umodzi ngati Techstream ya Toyota ndi VCDS ya Volkswagen, ndi nkhani ina. Imaitana mayina ngati aphunzitsi m'kalasi, n'kukuonetsani amene sanavomere. Makompyuta asanu akadandaula za ABS, ABS-yo n'kusayankhanso sikana, mwadziwa pulagi yoyambira. Aliyense akamadandaula za mnzake koma onse akuyankha, yang'anani batire kaye: yofooka imagwetsa magetsi poliza injini, makompyuta n'kuzima kamphindi, makhodi n'kudzadza. Lembani onse, fufutani, muone obwerera. Kufooka kwa sikana n'kwakuti imanena amene wajomba osanena chomwe chamujombetsa. Komanso kompyuta imene galimotoyo sinapangidwe nayo n'komwe siyankha, ndiye musasake chinthu chomwe kulibe.

Multimeter, mita yopimira mavoti ndi ma ohm, ndi imene ndimaikonda, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Chotsani waya wa negetivu pa batire, pimani ma ohm pakati pa pini 6 ndi pini 14 pa soketi ya OBD2. Ma resistor awiri aja akakhalapo onse mupeza pafupifupi 60. Mukapeza 120, imodzi yasowa: waya waduka panjira kapena pulagi ya kompyuta yakumapeto yasomphoka. Pafupi ndi 0, mawayawo akhudzana. Pafupi ndi 40, pali resistor yachitatu, ndipo pamenepa funsani ngati wina anaikapo wailesi, alamu kapena tiraka. Mukatero bwezerani batire, tsegulani kiyi, pimani waya uliwonse ndi ethi ya pa pini 4 kapena 5. CAN High imaonetsa kupitirira pang'ono mavoti 2.5, CAN Low kucheperapo pang'ono. Waya woonetsa 0 kapena 12 washota. Msomali wa mita musamaukankhe m'mabowo a soketi. Mukawakulitsa mwadzipangira vuto lina.

Koma 60 ameneyu amanamiza. Nthambi yopita ku kompyuta imodzi ikaduka, msewu waukulu umakhalabe bwino ndipo mita imati 60. Pa galimoto zambiri zatsopano soketi ili kuseri kwa gateway, kompyuta yoima pakati pa soketiyo ndi makompyuta ena, moti chomwe mukupima ndi kachigawo ka soketiyo basi. Popanda mapu a mawaya a galimotoyo mukungoyenda mumdima.

Mnzake wa multimeter ndi babu. Inabwera galimoto ina ndi U0121, mwini wake atagula kale kompyuta ina ya ABS, vuto osachoka. Pa pulagi mita inaonetsa mavoti 12.4, ine n'kuti magetsi alipo. Nditalumikiza babu la hedilampu pa waya womwewo, kawaya kam'kati kanangofiira ngati khala lozilala, mavoti n'kugwa kufika pa 5. Kutsatira wayawo, pansi pa choikapo batire ndinapeza asidi ataudya, wobiriwira, kutatsala timinyewa tiwiri. Mita siikoka magetsi, ndiye timinyewa tiwiri timaikwanira, kompyuta sitiikwanira. Babu limeneli n'la mawaya a magetsi ndi ethi okha, pa mawaya a CAN lisafikepo.

Nanga oscilloscope, chida chojambula pa sikirini mmene mavoti akukwerera ndi kutsika? CAN yothamanga imatumiza ma bit 500,000 pa sekondi, ndipo mita singaone zimenezo, imangokupatsani chiwerengero chapakati. Oscilloscope ya njira ziwiri, ngati PicoScope, imaonetsa CAN High ikukwera kufika mavoti 3.5 pomwe CAN Low ikutsika kufika 1.5, mizere iwiri yoyang'anana ngati pagalasi. Ikaphwanyika, kapena wina ukangoti njo osasuntha, mwaona ndi maso. Pa vuto lobwera n'kupita, lija loti galimoto ikagunda dzenje masingano onse a dashibodi amagwa n'kudzukanso, palibe chida choiposa. Mumagwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono maso ali pa sikirini, kapena kuzula makompyuta imodziimodzi, kiyi mutatseka pozulapo, n'kuitsegulanso kuti muone, mpaka mizere itakonzeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumbukirani kuti mukazula kompyuta yomwe ili ndi resistor, mizere isintha ngakhale kompyutayo ilibe mlandu.

Vuto lake ndi mtengo ndiponso kuphunzira. Amene sanaonepo chithunzi cha galimoto yabwino amayesa kaphokoso kalikonse ndi matenda. Mukagula, yambani mwapima galimoto zosadwala.

Kwa woyendetsa wofuna kungodziwa chomwe chayatsa nyali, ELM327 ndi yokwanira, koma asagule chitsulo chilichonse potengera mawu ake. Kwa makanika, ndalama yoyamba ipite ku multimeter, babu ndi mapu a mawaya, yachiwiri ku sikana ya makompyuta onse. Oscilloscope ibwere pachitatu, pokhapokha ngati mavuto obwera n'kupita ndiwo ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku. Kompyuta ina muigule magetsi, ethi ndi mawaya onse awiri a CAN zikapezeka zabwino pa pulagi yake yeniyeniyo, iyo n'kukhalabe chete. Ndipo musanalipire, funsani amene adzaipulogalame, chifukwa ya injini nthawi zambiri siiliza galimoto isanadziwane ndi immobiliser, chipangizo choletsa injini kulira ndi kiyi yachilendo.