Kernel ya GA, ya HWE kapena ya mainline: musankhe iti pa Ubuntu 22.04?

Kernel ndi mtima wa Linux, womwe umalumikiza mapulogalamu ndi zida za kompyuta. Ambiri akalemba `uname -r` kuti aone nambala ya kernel yawo n'kupeza 5.15 amada nkhawa kuti atsalira. Musatekeseke ndi nambalayo. Kernel ya GA (General Availability), yomwe inabwera ndi Ubuntu 22.04, imalandirabe zigamba zachitetezo: a Canonical, kampani yopanga Ubuntu, amazitenga m'makernel atsopano n'kuziphatika mu 5.15 momwemo. Ngati seva yanu ikuyenda bwino, isiyeni pomwepo. Muzingochita `apt upgrade`, kenako muzimitse makina n'kuwayatsanso, apo ayi yakale ija ndiyo ipitirize kugwira ntchito.

Ya HWE (Hardware Enablement), kernel yatsopanoko yochokera kwa a Canonical omwewo, ndi ya amene makina awo ndi atsopano kuposa kernel yawo. Zizindikiro zake sizibisika: Wi-Fi sikuoneka n'komwe, mawu satuluka, laputopu ikagona sidzukanso. Makhadi a zithunzi a Intel Arc, mwachitsanzo, anayamba kuyenda popanda kuwakakamiza kuyambira pa 6.2. Mukalemba `sudo apt install linux-generic-hwe-22.04` mufika pa 6.8, ndipo zigamba zizibwerabe kudzera mu apt. Amene munaika Ubuntu Desktop mwina muli kale pa HWE, ndiye yang'anani kaye musanavutike.

Pomwe ya HWE imaluma ndi pa madalaivala a DKMS, omwe amamangidwira pa kompyuta yanu pomwepo, monga a VirtualBox ndi ena a NVIDIA. Amenewa amamangidwanso kernel ikasintha, ndipo dalaivala wakale akhoza kukana kumangika pa yatsopano. Zikatero mumayatsa kompyuta n'kupeza sikirini yakuda bii. Musanazimitse, lembani `dkms status` muone ngati aliyense walembedwa kuti installed pa nambala yatsopanoyo.

Ya mainline, yochokera mwachindunji kwa opanga Linux, kunena zoona, si yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Yatsopano imatuluka pakangotha masabata 9 kapena 10, mafayilo ake mumatsitsa nokha, ndipo apt sikubweretserani zigamba. Ilibenso siginecha, choncho Secure Boot, chitetezo chomwe chimalola zokhala ndi siginecha zokha poyatsa makina, ikakhala yoyatsa, makina aikana. Phindu lake n'loyesera: ngati vuto lanu latha pa mainline, mwadziwa kuti linakonzedwa kale ndipo mungodikira kuti kukonzako kufike kwa inu.

Iliyonse yomwe mwasankha, yambani ndi `df -h /boot` muone malo otsala, chifukwa malo akathera pakati initramfs, fayilo yomwe kernel imafuna poyatsa makina, simalizidwa kulembedwa. Kernel yakale musaichotse mpaka yatsopano itayenda bwino kwa masiku angapo. Ikavuta, gwirani Shift poyatsa, kapena dinani Esc pa makina a UEFI, mulowe mu Advanced options ya GRUB, menyu yosankhira kernel poyatsa makina, n'kusankha yakale ija.