Kugula mayina a pa intaneti kuti mudzagulitse: .ai, .io, .xyz, .africa kapena .co.zw kwa munthu wokhala mu Harare

Pakati pa ife olankhula Chichewa mu Harare muno, makamaka achinyamata a ku Mufakose, Highfield ndi Mabvuku amene amakonza mawebusayiti kapena kugulitsa mafoni m'tauni, nkhani yolembetsa mayina a pa intaneti n'cholinga chodzawagulitsa pa mtengo wokwera yayamba kumveka kawirikawiri. Mayina abwino othera ndi .com anatengedwa kalekale, poti olembetsedwa kumeneko amaposa 150 miliyoni, ndipo mwini dzina lalifupi salitaya wamba, monga tinaonera mu 2019 pamene voice.com linagulidwa pa madola 30 miliyoni. N'chifukwa chake wobwera mochedwa amatembenukira ku mathero ena amene sanadzaze. Ndikufuna kuyerekeza asanu mwa iwo, ndipo muyeso wanga ndi mafunso awiri okha: ndani adzagule dzinalo, ndipo mudzakhala mukulipira zingati chaka ndi chaka pamene mukumudikira?

Funso lachiwirili ndi limene ambiri amalidumpha. Dzina la pa intaneti siligulidwa kamodzi n'kukhala lanu mpaka kalekale, koma lili ngati benchi ya ku Mbare Musika, imene mumailipirira kaya malonda ayenda kaya sanayende, ndipo mukasiya kulipira pamakhala wina. Amene akhalitsa pa malonda amenewa amanena kuti pa mayina 100 osankhidwa bwino, amene amagulidwa pa chaka amakhala limodzi kapena awiri basi. Dzina limodzi logulidwalo ndilo liyenera kulipirira anzake onse amene angokhala, kenako n'kusiya phindu. Mukasunga zimenezi m'mutu, kusiyana kwa mathero asanuwa kumaoneka msanga.

Ndiyambe ndi .ai, poti ndi amene ali pakamwa pa aliyense. Mathero amenewa ndi a Anguilla, kachilumba ka ku Caribbean kolamulidwa ndi Britain, komwe kuli anthu pafupifupi 16,000. Zilembo ziwirizo zinangofanana mwamwayi ndi AI, chidule cha Chingerezi cha nzeru zopangidwa ndi makina, ndipo ChatGPT itatuluka kumapeto kwa 2022, makampani atsopano anayamba kulimbirana mayinawo, moti mu 2023 boma la Anguilla linapeza madola pafupifupi 32 miliyoni kuchokera ku mayina okha. Ogula alipo, ndalama ali nazo, ndipo misika ikuluikulu ya pa intaneti yogulitsira mayina monga Sedo ndi Afternic imawadziwa bwino mayinawa. Vuto lake ndi mtengo wolowera. Dzina la .ai limalembetsedwa zaka ziwiri nthawi imodzi, ndipo mu 2024 mtengo wopikulira wokha unali madola 140 pa zaka ziwirizo, kampani yolembetsera isanaikepo phindu lake.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Mukatenga mayina 20 pa mtengo umenewo, ndiye kuti mukutulutsa madola 1,400 chaka chilichonse. Ngati pa mayina 100 pamagulidwa limodzi kapena awiri pa chaka, inu ndi mayina anu 20 mukhoza kudikira zaka ziwiri ndi theka, mwinanso zisanu, musanaone wogula woyamba, ndipo pofika nthawi imeneyo mudzakhala mutalowetsa madola 3,500 mpaka 7,000. Wogulayo ayenera kulipira zoposa pamenepo kuti mungobweza zanu, ndiponso msika umene wagulitsa umadulapo gawo lake, limene nthawi zambiri limakhala pakati pa 10 ndi 25 peresenti. Komanso mawu achingerezi amodziamodzi amene amagulidwa pa mitengo yodabwitsa ija ali kale m'manja mwa anthu amene analowa msanga. Otsalira ife ndi mawu awiri kapena atatu olumikizidwa, amene wogula akhoza kuwasiya n'kupeka ena ofanana nawo. Kwa munthu wa mpamba wochepa, .ai ndi malonda abwino amene sali pa msinkhu wake, ndipo sindingalimbikitse m'bale wanga kutenga ngongole kapena ndalama za chipereganyu n'kuziika kumeneko.

Pa .io sindichedwapo. Akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta akhala akuwakonda kwa zaka zambiri, koma mathero ake ndi a British Indian Ocean Territory, zilumba za Chagos, ndipo mu October 2024 Britain inalengeza kuti yagwirizana ndi Mauritius zopereka ulamuliro wa zilumbazo. Mathero a zilembo ziwiri amadalira mndandanda wa mayiko wa ISO 3166, ndipo dera likachotsedwa pa mndandandawo, malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti padziko lonse, amapereka zaka zisanu, mwina kufika khumi, kuti mathero ake atsekedwe. Zinachitikapo kale ndi .yu wa Yugoslavia, amene anazimitsidwa mu 2010. Kampani yomwe ikugwiritsa ntchito dzina lake lero ili ndi nthawi yosamuka, koma wosunga mayina kuti adzagulitse patsogolo ndiye amene chikayiko chotere chimamupweteka, chifukwa wogula amayamba kunenerera mtengo.

Mathero a .xyz akuimira gulu lalikulu limene linabwera ICANN itatsegula khomo mu 2012, pamene inalandira mapempho 1,930 ndipo mathero atsopano oposa 1,200 analowa pa intaneti. A .xyz anayamba mu 2014 n'kutchuka chaka chotsatira pamene Alphabet, kampani yomwe ndi mwini Google, inasankha abc.xyz. Chokopa chake ndi mtengo wa chaka choyamba, umene pa nthawi ya malonda otsitsa umatsika kufika dola imodzi kapena awiri, ndipo ndaonapo mnyamata wina wa kumpingo kwathu akundionetsa pa foni mndandanda wautali wa mayina amene anawalembetsa usiku umodzi wokha, nkhope ili ngwee. Chaka chitatha, uthenga wofuna malipiro unabwera ndi mtengo weniweni, woposa madola 10 pa dzina lililonse, ndipo anangowasiya onse kuti afe poti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo mtengo. Mu gulu lomweli mulinso msampha wina woyenera kuudziwa: eni mathero amasankhiratu mawu abwino n'kuwaikira mtengo wapamwamba, ndipo pa mathero ambiri mtengowo umabwereranso chaka chilichonse. Amathanso kukweza mitengo mmene afunira akangopereka chidziwitso, monga inachitira kampani ya Uniregistry mu 2017 pamene inakweza mitengo ya mathero ake ena kuwirikiza kambirimbiri. Musanalembetse, funsani mtengo wa chaka chachiwiri. Wa chaka choyamba ndi nyambo chabe.

Mathero a .africa ndimawakonda, ndipo n'chifukwa chake ndimayesetsa kuwaweruza mosakondera. Anatsegulidwa kwa anthu onse mu July 2017, atachedwa zaka zingapo chifukwa cha mlandu wa pakati pa ICANN ndi DotConnectAfrica, ndipo anapatsidwa kwa ZA Central Registry ya ku South Africa mothandizidwa ndi African Union. Ubwino wake ndi wakuti amatsata malamulo a ICANN, choncho kusamutsa dzina kupita kwa wogula wa ku Nairobi kapena Lagos kumayenda mofanana ndi .com, pongomupatsa nambala yachinsinsi yosamutsira, bola padutse masiku 60 chilembetsereni. Wogula wake ndi kampani kapena bungwe logwira ntchito m'mayiko angapo, la zonyamula katundu, zotumiza ndalama, za ulimi kapena za misonkhano, ndipo oterewa akuchuluka chiyambireni malonda a AfCFTA, mgwirizano wa malonda pakati pa mayiko a mu Africa, mu January 2021. Komabe chiwerengero cha mayina ake sichinayandikire n'komwe cha .co.za, amene amaposa miliyoni imodzi, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti wamalonda wa mu Africa amayamba waganiza za mathero a dziko lake. Mayina awiri kapena atatu a mawu amodzi omveka bwino ndi okwanira kwa munthu wodekha; makumi asanu ndi katundu wolemetsa.

Tsopano ndifike pakhomo. Mathero a .zw ali m'manja mwa POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mapositi ndi mafoni, pamene .co.zw, amene amalonda amagwiritsa ntchito, amayendetsedwa ndi ZISPA, bungwe la makampani opereka intaneti, ndipo munthu amalembetsa kudzera ku makampani a konkuno. Mtengo wake pa chaka ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi .ai, ndipo ambiri mwa makampaniwa amalandira ndalama za pa foni za EcoCash, kotero simusowa khadi yolipirira kunja. Kuipa kwake n'koonekeratu: palibe msika waukulu wa kunja umene ungakubweretsereni wogula muli mtulo, mitengo yogulitsira ndi ya madola mazana osati masauzande, ndipo kusintha umwini kumadutsa m'manja mwa kampani yolembetsera, imene ikhoza kufuna kalata ndi chitupa cha mwini dzina. Malamulo akenso ndi a konkuno, osati a ICANN, choncho muwerenge mgwirizano wa ZISPA wonse musanayambe kusunga mayina ambiri.

Ngakhale zili choncho, apa ndi pokhapo pamene ife tili ndi mwayi woposa wamalonda wa ku America kapena Germany, chifukwa wogula tikhoza kumufikira wapansi. Yendani mu Kaguvi Street, kumene amagulitsa zipangizo za magalimoto, muwerenge zikwangwani: pafupifupi chilichonse chili ndi nambala ya WhatsApp ndi adiresi ya Gmail, koma webusayiti ayi. Ndinacheza ndi bambo wina wa kwathu, wochokera ku Dedza, amene ali ndi shopu ya mabatire ndi mapanelo a sola, malonda amene akula chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Nditawauza za dzina la .co.zw logwirizana ndi malonda awo, anayamba apukuta manja pa ovolosi yawo, n'kundifunsa kuti, "Nanga mwanawe, ndikagula dzinalo, anthu akalilemba pa foni akapezako chiyani?" Funso limenelo ndilo limatiuza mmene msika wa kuno ulili. Dzina lopanda kanthu sakuliona phindu, koma dzina lobwera ndi tsamba limodzi losonyeza katundu, mapu a shopu, batani la WhatsApp ndi imelo ya dzina la bizinesi yawo, amalimvetsa ndipo amalipira. Amene amadziwa kale kukonza mawebusayiti ndiye woyenera njira imeneyi, ndipo ine ndikanapatsidwa madola mazana atatu kuti ndisankhe, ndikanaika ambiri pa mayina ochepa a .co.zw okhudza sola, zomangira nyumba, kukumba zitsime, fodya ndi zotumiza katundu, otsalawo n'kusungira malipiro a chaka chachiwiri.

Ena amafunsa za .mw poganizira abale a ku Lilongwe ndi Blantyre. Mathero amenewo amayendetsedwa ndi bungwe la SDNP ku Malawi, ndipo nzeru yake ndi yomweyo: amayenera munthu amene ali ndi wina womudalira kumudziko woti akakumane ndi wogula maso ndi maso.

Pa mathero onse asanuwa pali malire amodzi osadumphika, omwe ndi mayina a makampani a eni. Kulembetsa dzina la banki, la kampani ya mafoni kapena la sitolo yodziwika n'cholinga choti eni ake adzakuwomboleni si malonda ayi, ndi kudziitanira mlandu. Chiyambire 1999 pali ndondomeko yothetsera mikangano ya mayina yotchedwa UDRP, imene milandu yake yambiri imaweruzidwa ku Geneva ndi WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa luso ndi zizindikiro za malonda, ndipo wodandaula akasonyeza kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake cha malonda, kuti inu mulibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti munalilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito mwachinyengo, dzinalo limalandidwa popanda kukubwezerani kalikonse. Ndondomekoyi imagwira ntchito pa .xyz, .africa ndi .ai, pamene pa .co.zw mwini chizindikiro akhoza kupita kukhoti la konkuno, kumene inu ndi iye mukukhala mumzinda umodzi.

Chimene chimasiyanitsanso kwambiri mathero a kunja ndi a kwathu ndi njira ya ndalama. Kulipira .ai, .io kapena .xyz kumafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yokhala ndi madola a ku America, poti ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu April 2024, makampani a kunjawo sailandira. Kulandira ndiye kovuta koposa, chifukwa kwa zaka zambiri PayPal yakhala ikulola anthu a mu Zimbabwe kutumiza ndalama koma osati kulandira, choncho musanaike dzina pa Sedo, Afternic kapena Escrow.com, tsimikizani kuti akhoza kutumiza ndalamazo ku akaunti yanu ya nostro, yosungira ndalama zakunja, ndipo mufunse banki yanu kuti imadula zingati pa ndalama zochokera kunja. Khadiyo izikhalanso ndi ndalama pa tsiku lolipiranso dzina. Pa mathero otsata malamulo a ICANN, dzina likapitirira tsiku lake mumapatsidwa masabata ochepa oti mulipire pa mtengo wamasiku onse, kenako limalowa m'masiku 30 owombolera pa chindapusa chokwera, pambuyo pake masiku asanu odikira kufufutidwa, ndipo makampani ena olembetsera amaliika pa okushoni nthawi imeneyi isanathe n'komwe.